Supuni Ziwiri M'gaga

Lachiwiri m'mawa ndinatsegula chitseko cha lata
n'kutulutsa make.
Anapita osacheuka, mawere akulendewera,
ndipo ana asanu ndi anayi anatsala
akununkhiza pakona pamene mkaka unkagona.

Kulira kwa mwana wa nkhumba sikuodira.
Kunaboola mpanda, kunadutsa dimba la a Chulu,
kunakafika kumsewu wa ku Msekera
kumene anyamata a njinga amadikira okwera.

Lachitatu sanadye.
Lachinayi simenti inali chikasu chokhachokha,
madzimadzi, fungo lowawasa,
ubweya uli nyankhalala, makutu ozizira,
ndipo kamodzi, ka banga padiso,
kanangoima pakati pa khola
ngati mlendo amene basi yamusiya.

Mayi Shawa a zoweta anafika pa njinga yamoto.
Anayamba aviika jombo m'beseni la mankhwala,
poti chigodola chimayenda ndi mapazi a alendo.
Anagwada, n'kutsina khungu la kabanga,
khungu linachedwa kubwerera.

Anati: Lekani, awa si matenda okha.
Ndi mantha. Mantha amatsikira m'matumbo.
Thupi laimba lipenga mdani asanafike,
asilikali a m'magazi akuthamanga mumdima
n'kumatentha nkhokwe zawo zomwe.

M'chikwama anatulutsa paketi ya ufa wotuwa
wonunkha ngati thobwa logonetsa.
Muli chiyani?
Tizilombo tabwino, abale a tija timasasitsa mkaka.
Tamoyo?
Ayi, anatipha ndi moto kufakitale.
Ndinaseka: Makwacha onsewa ndigulire mitembo?
Iwo sanaseke.
Anati: Matumbo amamva zimene akufa anasiya.
Supuni ziwiri m'gaga, madzi oyera, pogona pouma.
Mwina zithandiza, mwina ayi. Uzilemba.

Usiku ndikusakaniza ndi dzanja m'ndowa,
tochi ya foni ndaluma ndi mano,
ndinakumbuka lole ya thonje.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi
pamene inandinyamula ku Chadiza
n'kukanditula kwa azakhali ku Kapata.
Amayi tinali titawaika Loweruka.
Sabata yathunthu ndinkathamangira kuchimbudzi,
azakhali n'kumati ndi madzi a pampopi,
mwana wa kumudzi sanawazolowere.
Sanali madzi.
Chinandigoneka tulo ndi chitenje cha amayi,
chosachapa, chimene ndinabisa pansi pa mphasa.
Mwini wake munalibe.
Fungo linalimo.

Ndinasiya ndowa.
Ndinalowa m'khola la make,
n'kusolola saka limene amagonera,
lonyowa, lonunkha, lodzaza ubweya wake,
n'kuliponya pakona paja.
Izi sindinawauze Mayi Shawa.

Lachisanu atatu ananyambita.
Loweruka anayamba kulimbirana,
mphuno zoyera ndi gaga, michira ikupotana pang'ono.
Lamulungu, belu la ku tchalitchi likulira,
ndinapeza kabanga katauma pa saka,
anzake atakatsamira ngati pilo.
Ndinakakwirira kuseri kwa nthochi, mozama,
kuopa agalu a a Chulu.

Asanu ndi atatu alipo.
Ndimawapachika pa sikelo ya soya mmodzimmodzi,
akukuwa ngati ndawagwirira mpeni,
singano ikusuntha pang'onopang'ono
ngati mthunzi wa phiri la Kanjala.

M'kope muli mzere wa tsiku, mzere wa kulemera,
ndi mzere umene Mayi Shawa analemba pamwamba pake:
Chathandiza n'chiyani?
Ufa? Saka? Masiku okha?
Bolopeni yaima pamenepo kuyambira dzana.

Kuseri kwa khoma make akudya,
khutu limodzi lagwera m'chodyera.
Mawere ayamba kufota.
Ana akalira amaimika kutafuna,
kamphindi chabe,
kenaka n'kupitiriza.